Dzina la pa Fomu ya Mikanda

"Ndati werenganinso pamene pali dzinapo!"

"Mayi a Tamara, tsitsani mawu. Anthu akumva."

"Amve! Werengani. Mwini wake wa bizinesi ndani?"

Anthu akumvawo ndinali ine. Ndine Dinah, ntchito yanga ndi yautelala, ndipo nyumba yomwe timachita lendi ku Ching'ambo, kuno ku Mzuzu, ndi imodzi yodula pakati: uku ine ndi makina anga, uko a Herbert Msampha ndi akazi awo, Rhoda. Khoma lapakati silinafike kudenga. Ndiye wina asanditche kazitape ayi, nkhani zimachita kundipeza ndili pampando panga.

"Palembedwa kuti Daisy Msampha," anayankha a Herbert, mawu ali pansipansi.

"Daisy! Mlongo wanu amene amadzuka tiyi atazizira? Anasinjapo botolo ndi limodzi lomwe iyeyo?"

"Tamverani kaye. Fomuyi ili ndi malo ofunsa maphunziro. Ndikanalembapo chiyani? Sitandade sikisi? Anthu aja akufuna munthu wokayankhula ndi akuluakulu, mwinanso azungu. Daisy ali ndi dipuloma ya bizinesi. Inu mukafika kumeneko muzikangoti 'yesi, yesi', tonse tichite manyazi."

Nkhani yake inali iyi. Bungwe lina lothandiza amayi a ntchito zamanja linkafuna amayi asanu a chigawo chino oti akaonetse katundu wawo ku Lilongwe. Wosankhidwayo amujambula, ndipo dzina lake ndi nkhope yake aziika pa kakhadi komangirira ku chilichonse chomwe wapanga. Rhoda amapanga mikanda ya galasi. Fomu anaitenga yekha kumsika n'kuipereka kwa amuna ake, poti iwo ndi kalaliki m'boma, zolembalemba ndiye kudya kwawo. Bambo aja analemba n'kukaisiya okha. M'mawa umenewu Rhoda akuti achape jekete, anapeza fotokope m'thumba. Sitandade sikisi ndi yochepa, inde, koma imakwana kuzindikira dzina lomwe si lako.

"Zaka zisanu ndi chimodzi ndikutola mabotolo kuseri kwa mabala," anatero Rhoda, "anthu akundiyesa chidakwa. Inuyo mukandiona pamsewu thumba lili pamutu, mumayang'ana kumbali ngati simundidziwa. Lero zanunkhira Lilongwe, yasanduka bizinesi ya a Msampha?"

"Za m'nyumba muno ndi zathu tonse. Dzina ndi dzina basi. Inu muzipanga, Daisy aziyankhula. Cholakwika n'chiyani?"

"Nanga pakakhadipo padzakhala nkhope ya ndani?"

Apo a Herbert anangotsokomola. Ndinamva mpando ukukokedwa, kenako chitseko phaa! Anapita ku ntchito osamwa tiyi. Ine poti ndiyang'ane pamakina, ndinapeza ndasoka mkono wa bulauzi motembenuza.

Nditasomola ulusi uja ndinazungulira kuseri. Kumeneko ndiye kufakitale: kauvuni ka dothi la pachulu, mtondo wachitsulo, sefa, ndi milu ya mabotolo, obiriwira paokha, ofiirira paokha. Rhoda amasinja mabotolowo atamanga kansalu kukamwa, n'kusefa mpaka galasi lisanduke ufa. Ufawo amathira m'zikombole zadothi zokhala ndi timaenje ngati bawo. Pakati pa kadzenje kalikonse amaimikapo kamtengo kouma, kaphesi ka tsamba la chinangwa. Mumoto muja ufa umasungunuka n'kugwirana, kamtengo kamapsa n'kusiya bowo lopisapo ulusi. Timitengoto amachita kumutumizira mayi ake kuchokera kwawo ku Nkhata Bay, pa minibasi, pamodzi ndi ufa wa kondowole. Zothira ufa ndi kuimika timitengo amachita mbandakucha. Masana amakhala pakhonde ndi sipoko ya njinga, kuchotsa phulusa m'mabowo.

Ndinamupeza akusinja ngati botololo lamulakwira.

"Mwamva zonse, a Dinah. Musanamizire kudabwa."

"Ndamva, ndipo zandinyansa. Pitani ku ofesi kwa anthuwo mukanene zoona."

"Ndikanene kuti amuna anga ndi abodza? Adikoni a mpingo? Mawa ndidzadzera njira iti?"

"Ndiye mungokhala phee, wina akavale nkhope yanu ku Lilongwe?"

Anatula munsi n'kupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Anati ndi fumbi la galasi, koma ine ndili ndi zaka makumi asanu, misozi ndimaidziwa.

"Zikundipweteka, a Dinah, ndisaname. Tamara akamabwera ku holide ndinkafuna ndidzamuonetse kakhadiko, aone kuti mayi ake osaphunzirawa dzina lawo linalembedwapo penapake. Koma akuti anthu abungwewo abwera Lachisanu la sabata yamawa kudzaona ndi maso mmene timapangira. Ndimuphunzitsa mlamu wangayo. Akatulutsa mkanda umodzi wovalika, dzinalo atenge."

Anandionetsanso ndowa yovindikira. Munali mabotolo a buluu, osowa aja, omwe anawasonkhanitsa chaka chathunthu. Ankawasungira tsiku lalikulu, ndipo tsopano tsikulo linali la mwini wina.

Madzulo ake maphunziro anayambika, ine ndili pakhonde ndikupinda siketi.

"Alamu, mawa faifi koloko mudzuke tidzathire zikombole," anatero Rhoda.

"Faifi? Ndi chifunga cha Mzuzu chimenechi?" Daisy sanachotse maso pa foni. "Actually ndikudziwa kale, alamu. Kusinja, kuthira, kuwotcha, kuboola. Simple."

"Kuboola?"

"Si ndimakuonani masana onse ndi sipoko ija?"

Rhoda anatsegula pakamwa, koma foni inalira, Daisy n'kulowa m'nyumba akuti halo. Kuyambira tsiku limenelo Rhoda ankagogoda pachitseko cha mlamu wake m'mawa uliwonse, ndipo m'mawa uliwonse ankayankhidwa ndi mkonono. Komatu si kuti Daisy sankakonzekera ayi. Anabwera kwa ine kudzasoketsa diresi ya chitenje, yamanja otukuka, kuti idzaoneke bwino pa chithunzi. Anakaikitsanso zikhadabo zazitali, zofiira ngati tomato. Ndinasoka diresiyo, poti ntchito ndi ntchito, koma zipi ndinaika yovuta dala. Mulungu andikhululukire.

Lachisanu lija a Herbert anapempha tchuthi. Sikisi koloko anali kale kuseri, malo omwe sanapondeko chilowereni m'nyumbayo, tsache lili m'manja, tayi ili pakhosi. Choyamba anagogoda kwanga.

"Mayi Dinah, tisungireniko mabotolo amowawa. Alendo asaone zoterezi pakhomo pa mdikoni."

"Nanga ine ndilibe mpingo?"

"Ndi lero lokha, chonde."

Ndinalola, chifukwa zinandipatsa chifukwa chokhalira kuseriko tsiku lonse. Rhoda anali atayatsa kale uvuni, ufa wa buluu uli m'beseni, wosalala, wa masiku atatu akusinja. A Herbert anasesa apa, anasuntha apo, mpaka anafika pa mtolo wa timitengo tija, tomangidwa ndi luzi pamwamba pa njerwa.

"Zinyalala izinso zikutani pano?"

"Bambo a Tamara, timeneto ndi..."

"Alendo ophunzira adzaone zitsotso? Tizioneka ngati anthu, inu."

"Ndikuti timeneto musa..."

"Iwe!" Bambo aja anatembenuka, chala chili m'mwamba. "Tamvana kale. Lero pakamwa pako pakhale potseka. Ukafunsidwa, ndiwe wothandiza kusonkha moto. Woyankhula ndi Daisy. Wamva?"

Mtolo uja anauponya mu uvuni. Unangoti lawi! kamodzi n'kutha. Ine mtima unandipsa, ndinati ndilalate, koma Rhoda anandiyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono. Anatenga chikuni n'kukhala pansi pafupi ndi moto.

"Ndamva, bambo," anatero. Sindinamumvepo akuyankha mofatsa chotero.

Naini koloko galimoto inakanika pamatope a kumsewu, ndiye alendo anafika wapansi: mayi wina wamkulu thupi, wamagalasi, nsapato zili m'manja, ndi mtsikana wonyamula kamera.

"Odi kuno! Mwawuka uli mose?" anapereka moni mayi wamagalasi uja. "Ndine Elsie Chavula, wa ku bungwe. A Daisy Msampha ndi ati?"

"Ndine, madamu. You are most welcome." Daisy anatulukira mu diresi ija, zipi itatsekeka theka.

"Yewo chomene. Nanga awa?"

"Ndi wothandiza," anafulumira a Herbert. "Amasonkha moto."

Rhoda anagwada pang'ono n'kuwomba m'manja.

Kunena zoona, Daisy pakamwa ali napo. Anafotokoza za kuteteza chilengedwe, za kutukula amayi, za masomphenya a kampani, Chingerezi chikungotuluka ngati madzi a pampopi. A Herbert ankagwedeza mutu ngati ali mu tchalitchi. Kenako Mayi Chavula anati, "Zamveka makora. Tsopano tiyeni tione manja."

Daisy anatenga supuni n'kuyamba kuthira ufa wa buluu m'timaenje. Zikhadabo zinkamusokoneza, ufa wina unkatayikira pansi, koma anadzaza zikombole zonse zisanu ndi chimodzi, n'kusalaza bwinobwino pamwamba. Kamera inkangoti thwa, thwa. Ine ndinkayang'ana Rhoda. Maso ake anali pa beseni lomwe linkatha, ufa wa chaka chathunthu. Chikombole chomaliza chikulowa pamoto anadzuka.

"Alamu, simunaike..."

"Mayi, nkhuni!" anadula a Herbert. "Moto ukuchepa uwo."

Rhoda anakhalanso pansi. Anasonkha moto, ndipo anausonkha bwino, poti ndiyo ntchito yomwe anapatsidwa.

Mayi Chavula anati akaone kaye gulu loluka madengu ku Mzilawaingwe, abweranso thuu koloko mikanda itazizira. Pakati apo a Herbert anagulira aliyense fanta, mpaka ine. Ankayenda pabwalo manja ali m'thumba, akufunsa Daisy ngati ku Lilongwe adzafune sutikesi yawo yaikulu ya pamwamba pa wadirobu.

Alendo atabwerera, Daisy anagubuduza chikombole choyamba pa thebulo. Ee, inu! Timipira ta buluu tinagubuduka, towala, tokongola ngati maswiti. Mtsikana wa kamera anati wawo. A Herbert anawomba m'manja okha.

"Zokongola nadi," anatero Mayi Chavula. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa ulusi. "Tipisireniko khumi, ndivale pa chithunzi."

"Pang'ono, madamu, ndiboole kaye."

Daisy anatenga sipoko ija monyadira, n'kugwira kampira kamodzi ndi zikhadabo zake. Anakanikiza. Palibe. Anapotokola sipoko uku ndi uku. Palibe. Analuma mlomo n'kukanikiza ndi mphamvu zonse, ndiye kampira kanathawa, kanamenya magalasi a Mayi Chavula kuti ng'aa, n'kugwera pansi. Nkhuku yanga inakathamangira, inakajompha kawiri, n'kukasiya. Ngakhale nkhuku inaona kuti palibe chochita nako.

Anayesa kachiwiri, chikhadabo chinathyoka. Kachitatu a Herbert analanda sipoko.

"Pamafunika mphamvu zachimuna apa. Bweretsani msomali ndi hamala."

Anamenya kamodzi. Kampira kanaphwanyika tizidutswa, ndipo hamala inamaliza ulendo wake pa chala chawo chachikulu. Adikoni anatulutsa mawu omwe sindingawalembe pano. Ine ndinathawira kuseri kwa bafa, ndinaseka mpaka m'mimba munandipweteka.

Nditabwerako, Mayi Chavula anali atavula magalasi, akutembenuza kampira m'manja. Kenako anatenga mkanda wakale womwe unali pa thebulo monga chitsanzo, n'kuuyang'anitsa kudzuwa.

"A Daisy, bowo ili ndi losalala, mkati muli kaphulusa. Silinabooledwe ndi chitsulo ili. Munalipanga bwanji?"

"Actually... zimatengera, madamu."

"Zimatengera vichi?"

Mayi aja anatembenukira kwa Rhoda, amene anali chikhalire pa njerwa pafupi ndi uvuni, manja ali pamaondo.

"Mama, inu mumasonkha moto tsiku lililonse. Chalakwika n'chiyani apa?"

"Pepani, mama," anatero Rhoda mwaulemu wonse. "Ine lero ndauzidwa kuti pakamwa panga pakhale potseka."

"Wakuuzani ndani?"

Rhoda anangoyang'ana amuna ake, ndipo tonse tinayang'ana komweko. A Herbert anali ataika chala m'kamwa, thukuta lili kamukamu m'nyengo yozizira ngati imeneyo.

"Yankhulani, mayi a Tamara," anatero chapansipansi.

"Sindinamve, bambo."

"Ndati yankhulani!"

"Ndiyankhule monga wosonkha moto, kapena monga ndani?"

Amene anayankha ndi Daisy. Anakhala pansi pa dothi ndi diresi yatsopano ija n'kuyamba kulira ngati mwana.

"Madamu, bizinesiyi ndi ya alamu anga. Ine sindinapangepo mkanda ndi umodzi womwe. Achimwene anati dzina langa ndi lomwe lingadutse, ndipo ine ndinavomera. Zaka zitatu ndikulemba makalata ofunsira ntchito, osayitanidwa ngakhale kamodzi. Ndinkangofuna nane ndikaonekeko penapake. Alamu, ndikhululukireni."

Apo ngakhale ine za zipi zija zinandimvetsa chisoni.

Rhoda anadzuka, anakung'untha chitenje, n'kupita ku mpanda wa kumunsi komwe kuli mitengo iwiri ya chinangwa ya aneba. Anatola timapesi touma tomwe tinagwa pansi, anabwera nato n'kutidula ndi mano. Anakokola ufa wa buluu wotsalira m'mbali mwa beseni, wongokwana timaenje tinayi. Akuimika timitengo anayamba kufotokoza, Chichewa chake chosakaniza ndi Chitonga: chifukwa chake kamtengo kayenera kukhala kouma, chifukwa chake galasi la botolo silisakanizidwa ndi la windo, mmene mtundu wa lawi umamuuzira kuti zapsa, chifukwa chake sutulutsa chikombole kukuwomba mphepo. Mayi Chavula ankalemba mpaka tsamba linadzaza. Kamera inayambiranso, ndipo ulendo uno inkajambula zala zokhala ndi zipsera.

Tikudikira kuti mikanda inayi ija ipse ndi kuzizira, mayi aja anatulutsa fomu yatsopano.

"Adada," anatero kwa a Herbert, "malo a maphunziro aja munawaopa chifukwa chiyani? Timafunsa kuti tidziwe amene tim'pezere womasulira. Basi. Chaka chatha tinapita ndi mama wina woumba miphika amene sanalowepo m'kalasi, ndipo katundu wake ndiye anayamba kutha."

A Herbert anayang'ana nsapato zawo. Atamva kuti fomu ikufuna kulembedwa, dzanja linapita lokha kuthumba la malaya komwe kumakhala cholembera.

"Ndilemba ndekha," anatero Rhoda.

Anatenga nthawi, lilime lili panja, chilembo chimodzichimodzi. Palibe anamufulumizitsa. Dzuwa likupendeka Mayi Chavula anachoka atavala mikanda inayi ya buluu pakhosi, nsapato zili m'manja ngati pobwera.

Masiku otsatira m'nyumba muja munali bata lodabwitsa, moti ine ntchito inkayenda, palibe bulauzi yomwe ndinalakwitsa. Daisy anadula zikhadabo. Rhoda anamuuza kuti maoda a pa foni akhale ake, poti Chingerezi chisaole, koma faifi koloko azipezeka kuseri. Amadzuka, ngakhale amafika akutukwana chifunga. Timipira topanda mabowo tija ndinamuuza Rhoda kuti atisinjenso, ufa wa buluu ndi wosowa. Anakana. Anatithira m'mbale yagalasi n'kuiika pa kabati pabalaza, pansi penipeni pa masatifiketi a amuna ake.

Patatha milungu itatu wakabaza anabweretsa envelopu. Linali Loweruka masana, tonse tili pakhonde, ine ndikumaliza timatumba ta chitenje toikamo mikanda ya ku Lilongwe. Munali timakhadi mazana awiri, kalikonse kali ndi nkhope ya Rhoda akumwetulira, duku litapendekeka. Anatenga kamodzi n'kukaika padera, ka Tamara. Kenako anayamba kukasisita ndi chala.

A Herbert anatola kena, anakaika patali ndi maso, n'kuwerenga mokweza ngati chilengezo cha ku tchalitchi.

"Wopanga: Rhoda Longwe." Anaima. "Longwe? Dzina la bambo anu? Nanga la Msampha lili kuti?"

"La Msampha munalemba kale inuyo, bambo a Tamara," anatero Rhoda, osakweza mawu. "Mikanda yake ndi ija ili m'mbale pa kabati."

Bambo aja anabweza kakhadi mu envelopu bwinobwino, n'kulowa m'nyumba kukatsitsa sutikesi yaikulu ija, yoti akazi awo apite nayo ku Lilongwe.